Sitiraka ya Kuseri kwa Mabaani

Linali Loweruka lachiwiri la mwezi wa Juni, nthawi ili thiri koloko masana, pamene amuna anga anatsegula pakamwa n'kukuwa liwu limodzi limene linatsala pang'ono kutichotsa pa famu. Nthawiyo ndikuidziwa bwino chifukwa sitima yopita ku Mutare inali itangodutsa kuseri kwa mabulugamu, ndipo ife a m'komboni wotchi yathu inali imeneyo. Ine ndinali pa mpope ndikuchapa matewera, mwana ali kumsana. Liwulo ndinalimva bwinobwino, ndipo ndisaname, ndinanyadira. Kukuwa kumeneko ndinawaphunzitsa ndine.

Zinali zaka za Chitaganya, pa famu ya fodya kufupi ndi Marondera. Amuna anga anachoka ku Ntcheu ali mnyamata. Nthawi yokolola ankasonkha moto m'mabaani owotchera fodya, ikatha nthawiyo ankalowa m'shedi kukasankha masamba. Ine ndinabadwira pa famu ina cha ku Shamva. Kumudzi kwa makolo anga ku Dedza ndinkangokumva m'nkhani, ngati ku Yeriko. Nyumba imene tinkagonamo inali ya bwana, udzu wa padenga unali wa bwana, ngakhale nsikidzi ndikukhulupirira kuti zinali za bwana. Chathu chinali chitseko chokha, chimene amuna anga anakhoma ndi matabwa a bokosi. Bwana akasaina chitupa cha munthu kuti ntchito yatha, munthuyo ankazula chitseko chake n'kuchisenza, mkazi ndi ana akutsatira pambuyo mu msewu. Ndinawaonapo mabanja otero. Sindinkafuna kuti tsiku lina anthu adzaime pakhomo kumaonerera ine.

Mmereka wina, mzungu wa ku Amereka, anabwera Pasaka itangotha. Anamubweretsa a mishoni pa galimoto, n'kumusiya kwa aphunzitsi a sukulu ya pa famu. Anali mnyamata wamtali, wa makutu ofiira ndi mano ambiri. Anati wawoloka nyanja yaikulu mwa kufuna kwake, popanda womutuma, kuti adzatithandize. Tinaomba m'manja. Masiku awiri anayendayenda m'komboni akuyang'ana. Anaona mpope umodzi wa komboni yonse. Anaona sukulu imene mbali ina ya denga inapita ndi mphepo. Anaona ana a zipere m'mutu. Ataona zonsezo anazindikira chimene tinkasowa kwenikweni. Tinkasowa besibolo, masewera a mpira a kwawo.

Anabwera atakonzekera ndithu. Ali pa sitima ya pamadzi anaphunzira Chishona m'buku, kuti adzalankhule bwino ndi ife a Chinyanja. Ankapereka moni wa m'mawa ngakhale dzuwa likulowa. Aliyense ankamutcha shamwari, ndiye kuti bwenzi: ana, agalu, ngakhale nkhalamba zimene akapitawo a pa famu ankazivulira chipewa. Nkhalambazo zinkangoyankha kuti, "Eya, mwanawe," n'kumapita.

Katundu wake anali chibonga chimodzi chosalala bwino, gulovu imodzi yachikopa yaikulu ngati lichero, ndi mipira itatu yolimba ngati mwala. Azimayi tinaiyang'ana gulovuyo n'kugwirizana kuti ingathandize pophula mphika. Mpira woyamba unagwera m'chimbudzi cha sukulu tsiku loyamba lomwelo. Wachiwiri anapita nawo galu wa akapitawo. Wachitatu unang'ambika sabata yachiwiri, ndipo ndinausoka ine ndi ulusi wosokera mabelo a fodya. Mmereka atauona anati ndine shamwari wamkulu. Ine ndinayang'ana pansi.

Bwalo analikonza kuseri kwa mabaani, pafupi ndi mpope. Anadzaza mchenga m'masaka anayi a feteleza n'kuwaika ngati ngodya za munda. Mwana mmodzi ankaponya mpira, wina n'kuumenya ndi chibonga. Akaumenya ankathamanga kuchoka pa saka ili kupita pa linalo, mpaka kubwerera pamene anayambira. Thukuta lonselo kuti ukafike pamene unachokera. Saka loyambiralo Mmereka ankati ndi kumusha, ana n'kulimasulira kuti kumudzi. Azibambo amene anatha zaka makumi osaponda kwawo ankaima n'kumaonerera ana akufika kumudzi kangapo pa tsiku. Mmodzi anati, "Chaka chino kumudzi kwafupika."

Ana anawakonda masewerawo, zimenezo sindingatsutse. Mwana mukamupatsa chibonga n'kumuuza kuti amenye ndi mphamvu zake zonse, sadzakufunsani kuti chachokera dziko liti.

Koma Mmereka anali ndi cholinga chachikulu. Ankati iye adzapita, choncho ayenera kusiya akuluakulu odziwa kuphunzitsa ana ndi kuweruza masewera. Loweruka loyamba kunabwera azibambo ambiri, chifukwa kunamveka mphekesera yoti kukhala kugawa nsapato. Nsapato kunalibe. Loweruka lachiwiri kunabwera atatu. Loweruka lachitatu kunatsala amuna anga okha. Amuna anga sadziwa kukana. Ndi mmenenso anandikwatirira, azakhali anga atangowafunsa kamodzi.

Ntchito yawo inali yoima kumbuyo kwa mwana womenya mpira n'kumaweruza. Mwana akavungumula chibonga n'kuphonya, iwo ankayenera kukweza nkhonya m'mwamba n'kukuwa. Akaphonya katatu, watuluka. Vuto linali lakuti amuna anga ankanong'ona. Ankakweza dzanja mpaka pachifuwa pokha ngati akupempha chilolezo chopita panja. Mmereka ankadzikoka tsitsi. "Daidzira, shamwari, daidzira!" Ndiye kuti kuwa. Iwo ankangomwetulira n'kunong'onanso. Malamulonso ankawasokoneza. Tsiku lina anatulutsa mwana amene sanali kusewera n'komwe, anangodutsa akupita kukatunga madzi.

Ine ndiye ndinkamva zonse, popeza mwana wakhanda amachititsa munthu kukhala pa mpope tsiku lonse. Sukulu ndinalekezera Sitandade 2, koma kuwerenga mpaka zitatu ndinkatha. Pasanathe mwezi malamulo onse ndinali nditawadziwa, ngakhale aja amene Mmereka ankawafotokoza ndi manja Chishona chikamuthera. Koma panalibe amene akanadziwa, chifukwa ine ndinali munthu wamanyazi kwambiri. Kutchalitchi ndinkaimba ndi milomo yokha. Kusitolo ndinkaloza ndi chala. Munthu akandipatsa moni ndinkayankha zala za kumapazi kwake.

M'nyumba mokha ndimo ndinali ndi pakamwa. Ndinkatenga nyemba zinayi za pa reshoni n'kuziyala pansi ngati masaka.

"Bambo a mwana, taonani. Uyu ali apa, mpira wagwidwa m'mwamba. Ndiye atani?"

"Athamange."

"Abwerere!"

"Dzulo munati athamange."

"Dzulo mpira unagwa pansi. Komanso kunong'ona kuja muleke, ana akukusekani. Tulutsani mawu ngati mukuitana ng'ombe."

"Ine sindinawetepo ng'ombe, mayi a mwana."

"Ndiye muyambe."

Lamulungu masana tinkapita m'mabulugamu ngati tikukatola nkhuni, ndipo ndinkawayesetsa kukuwa. Ndinkati, "Bwerezani. Nkhonya m'mwamba. Pamwamba pa mutu, osati pamtima ngati mukulumbira." Iwo ankabwereza. Ndi munthu womvera.

Tsono liwu lake. M'kamwa mwa Mmereka linali lalifupi ngati kuyetsemula. M'kamwa mwathu liwu limafuna malo okhala bwino, choncho linatambasuka n'kukhala sitiraka. Ndipo liwu limeneli silinali lachilendo, ndi lomwe anthu amatchula akanyanyala ntchito. Zaka zimenezo nkhani zochokera kumudzi ndi m'matauni sizinkawasangalatsa azungu. Bwana ankamvera wailesi madzulo aliwonse, m'mawa n'kudzuka nkhope ili gwa. Akapitawo anauzidwa kuti azitchera khutu, makamaka kwa anthu a ku Nyasalandi. Zonsezi ndinkazidziwa. Ndinangoganiza kuti liwulo poti labwera ndi mzungu, lili ndi chitupa chake.

Loweruka lija chitsulo chowerukira chitalira, anthu atadya, masewera anayamba. Thiri koloko itakwana, lole ya bwana inaima pakona ya mabaani, bwana ali pa chiwongolero, akapitawo ali kumbuyo ndi matumba a mchere wa ng'ombe. Nthawi yomweyo mwana wina anaphonya mpira. Ndipo amuna anga, amene miyezi iwiri yathunthu ankanong'ona, anasankha tsiku limenelo. Anakweza nkhonya pamwamba pa mutu.

"SITIRAKA!"

Ana onse anayankha limodzi, nkhonya m'mwamba, "Sitiraka!"

Mmereka analumpha ndi chimwemwe. Kenako anatembenukira kwa mwana amene anaima pa saka lachiwiri. M'masewera amenewa muli kuthamangira saka lina mobisa woponya asanatembenuke, ndipo kumeneko amakutcha kuba. Liwulo buku lake linamuphunzitsa bwino, ndipo m'Chishona ndi m'Chinyanja ndi limodzi. Anakuwa, "Iba! Iba!" Ana anawonjezera, "Thawira kumudzi! Kumudzi!"

Choncho bwana, osatsika n'komwe m'lole, anamva zinthu zitatu: sitiraka, kuba, ndi kuthawira kumudzi. Anaonanso chibonga. Lole inanyamuka pang'onopang'ono kulowera ku nyumba yaikulu.

Pasanapite nthawi akapitawo anabwerera wapansi. Sanapereke moni. "Iwe wa ku Ntcheu, abwana akukufuna. Utenge chitupa."

Aphunzitsi, amene anali kuonerera pansi pa mtengo, anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi m'bale wodwala ku Marondera, n'kukwera njinga. Ana anabalalika. Mpira unagudubuzika mpaka pa mpope. Ndinautola osaganiza n'komwe, n'kuusiya m'chitenje. Matewera ndinawasiya m'beseni. Ndinatsatira patali. Mmereka anali patsogolo, chibonga paphewa, akuimba mluzu. Iye ankaganiza kuti bwana akufuna kumuthokoza.

Milandu ya pa famu inkazengedwa pa khonde la kuseri kwa nyumba yaikulu. Bwana anakhala pa mpando, dona ali chapatali akuluka juzi. Womasulira anali akhuku, bambo wachikulire wa Chiyao wovala kapu yoyera ya Chisilamu, amene anaphikira azungu amenewa kuyambira ine ndisanabadwe. Ntchito yawo yeniyeni sinali kuphika. Inali kuchotsa minga m'mawu asanafike kumene akupita. Ine ndinaima pafupi ndi chitseko cha khitchini, pamene munthu sangakuone ngati sakukufuna.

Amuna anga anapereka chitupa ndi manja awiri. Bwana anachiika patebulo n'kuchitsindikira ndi kapu ya tiyi.

"Abwana akufunsa kuti anakuphunzitsa liwu limenelija ndani," anatero akhuku.

Amuna anga asanayankhe, Mmereka anadzimenya pachifuwa. Analankhula nthawi yaitali, mano onse ali panja. Chizungu changa cha Sitandade 2 chinagwira pang'ono, zotsalazo anandiuza akhuku pambuyo pake. Anati waphunzitsa ndi iye. Anati bambo ameneyu ndiye wophunzira wake wopambana, ndipo lero ndi tsiku loyamba kuti akuwe bwino. Anati iye akachoka, bambo ameneyu adzaphunzitsa azibambo ena, ndipo Mulungu akalola zidzafalikira m'mafamu onse mpaka ku Halale.

Amuna anga anafunsa chapansipansi, "Akuti chiyani, achimwene?"

Akhuku anayang'ana kumwamba. "Akukukumbirani dzenje. Koma akukumba mwachikondi."

Bwana anafunsa kuti liwulo limatanthauza chiyani m'masewerawo. Mmereka anati limatanthauza kuphonya. Apa mpamene bwana anafiira khosi lonse. Anati Chizungu ndi chake, cha bambo ake ndi cha agogo ake, ndipo liwu limenelo limatanthauza kumenya kapena kukana ntchito. Kuphonya sikunakhalemo. Kodi akumuyesa chitsiru? Mmereka anati kwawo ndi mmene amanenera. Bwana anati kwawo kwa mnyamatayo anawononga kale zinthu zambiri. Ife tinaima n'kumaonerera azungu awiri akulimbirana liwu lawo lomwe, chitupa cha amuna anga chikunyowa pansi pa kapu.

Kenako bwana anatopa. Anachotsa kapu, anatambasula chitupa, n'kutulutsa cholembera m'thumba la malaya.

Sindikudziwa kuti miyendo yanga inasuntha bwanji. Ndinangopezeka ndili pambali pa akhuku, nditagwada, mwana akudzuka kumsana.

"Atate, auzeni ayese okha."

"Ukuti chiyani, mwana wanga? Kweza mawu, khutu ili linafa ndi utsi."

Ndinangotulutsa mpira m'chitenje n'kuwaonetsa, kenako n'kuloza bwana ndi maso. Akhuku anandiyang'ana, anayang'ana mpira, n'kutsokomola. Zimene ananena m'Chizungu zinali zazitali kuposa zanga. Anati mayi uyu akuti komboni yonse imadziwa kuti abwana ndi katswiri womenya mpira ku kalabu ya azungu, ndipo abwana atagwira chibongachi kamodzi kokha angaone okha ngati muli choipa kapena ayi. Ine sindinanene zimenezo. Koma sindinatsutse.

Bwana ankasewera kirikiti Lamulungu masana, ndipo ankakonda kuti anthu azidziwa. Anaika cholembera pansi. Anatsikira pa kapinga, anapinda manja a malaya, analandira chibonga n'kuchiyeza ngati akugula khasu. Akapitawo anavula chipewa. Amuna anga, poti miyendo inazolowera, anakaima kumbuyo kwa bwana.

Ine ndinapemphera. Pemphero langa linali limodzi: Ambuye, mnyamata uyu aponye pang'onopang'ono, bwana amenye, mpira upite kutali, asangalale. Mwana wa zaka zisanu akanadziwa zoyenera kuchita. Koma Mmereka, amene anawoloka nyanja kudzatithandiza, analavulira m'manja, anakweza mwendo mpaka pachibwano, n'kuponya ndi mphamvu zonse za dziko la kwawo.

Bwana anavungumula chibonga. Chinamenya mphepo. Thupi lonse linazungulira, chipewa chinagwa, mpira unakagunda thanki ya madzi n'kulira ngati belu.

Ngakhale nkhuku za dona zinasiya kupalasa.

Ndipo ndinaona dzanja la amuna anga likukwera. Linadutsa pachifuwa, linadutsa paphewa, linafika pamwamba pa mutu, monga ndinawaphunzitsira m'mabulugamu. Nkhope yawo inali ya munthu amene akuona dzanja lake likuchita zinthu lokha.

"SITIRAKA!"

Ndinatseka maso. Ndinayamba kuganiza za misomali ya chitseko, kuti tiizula ndi chiyani.

Chimene chinatsegula maso anga chinali kuseka. Dona anali atagwetsa juzi, akuseka mpaka misozi. Atapezako mpweya ananena kanthu, ndipo akhuku anatimasulira mosachotsa kalikonse. "Adona akuti masewerawa akuwadziwa. Ankasewera ali mtsikana ku sukulu, atavala siketi. Akuti kwawo ndi masewera a atsikana."

Mmereka anayera ngati ufa. Zipere za ana athu anaziona osasintha nkhope, koma izi zinamulasa mtima. Anayamba kufotokoza za mabwalo aakulu a kwawo ndi azibambo otchuka. Panalibe womumvera. Bwana anali atapeza potulukira. Munthu wamkulu sangachotse wantchito chifukwa cha masewera a atsikana, makamaka shedi itadzaza fodya ndipo odziwa kusankha masamba ali ochepa. Anatola chipewa, anachikung'untha, n'kuponyera amuna anga chitupa pansi. Tinapulumuka chifukwa chinthu chimene Mmereka anatibweretsera kuchokera kutsidya kwa nyanja chinapezeka kuti n'chachabechabe.

Koma bwana sanathere pomwepo. Akhuku anamasulira pang'onopang'ono kuti tonse timve. Choyamba, amuna anga asadzaimenso pa bwalo lija, ntchito yawo ndi fodya. Chachiwiri, ana ngati akufuna kuthamanga mozungulira masaka azithamanga, koma liwu lija lisadzamvekenso pa famu yake. Akadzalimva, kaya kwa mwana, kaya kwa mbuzi, kaya labwera ndi mphepo, chitupa adzasaina osafunsa. Ndipo mawa m'mawa adutsa pomwepo popita kutchalitchi.

Pobwerera amuna anga anapempha Mmereka, kudzera m'manja ndi Chishona chothyoka, kuti apeze liwu lina. Iye anapukusa mutu. Anati liwu silingasinthidwe, dziko lonse limatero, ukasintha liwu ndiye kuti si besibolonso. Anati alembera anzake kalata kuti adziwe zimene zachitika. Ndinathokoza mumtima, poti kalata ikafika ku Amereka chitseko chathu chidzalimba. Anatiuzanso kuti Lolemba a mishoni adzamutenga, akupita kukathandiza anthu a m'mafamu a ku Beatrice. Ndinawamvera chisoni anthu a ku Beatrice. Tisanasiyane anavula gulovu n'kuwapatsa amuna anga pamodzi ndi chibonga ndi mpira, maso ali ndi misozi, n'kuwakumbatira. Amuna anga anaima chilili ngati mtengo wa bulugamu.

Dzuwa likulowa tinakhala pakhomo n'kumamvera komboni. Apa mpamene tinamva bwino chimene tinkachimva tsiku lililonse osalabadira. Liwulo linali paliponse. Mwana akaphonya mbalame ndi legeni, anzake ankakuwa sitiraka. Tambala akathamangitsa thadzi n'kulephera, sitiraka. Bambo wina woledzera anaphonya khomo la nyumba yake n'kugunda khoma, ndipo ana a mzere wonse anaimba limodzi.

"Tibise chibonga," anatero amuna anga.

"Adzadula nthambi."

"Tiwauze makolo awo awaletse."

"Mukawaletsa ndiye adzakuwa ndi m'tulo momwe. Mwaiwala za fodya wa bwana amene analetsedwa kusuta?"

"Ndiye titani, mayi a mwana? Tiyambe kuzula chitseko?"

"Afunika liwu lina. Lokoma kuposa limenelo. Ndipo munthu akaime pamenepo alinene iwo asanatsegule pakamwa."

Amuna anga anawerenga pa zala. Iwo analetsedwa. Mmereka wakana. Aphunzitsi ali kwa wodwala wawo, ndipo wodwalayo sachira bwana asanazizire mtima. Azibambo ena akudikirabe nsapato. Zala zitatha anandiyang'ana ine.

"Ayi," ndinatero. "Ine? Pamaso pa komboni yonse?"

"Malamulo mumawadziwa kuposa mwini wake."

"Ine sinditha kukuwa."

"N'zosavuta," anatero, akupukuta gulovu ndi malaya. "Mungotulutsa mawu ngati mukuitana ng'ombe."

Chikhala kuti sindinabereke mwana, ndikanawaponyera mthiko.

M'mawa mwake kunazizira monga kumazizirira mu Juni, udzu utayera. Ndinadziwa kuti ana amayamba masewera belu la tchalitchi lisanalire, choncho ndinadzuka iwo asanadzuke. Ndinabereka mwana, ndinafunda chitenje china pamwamba, ndinatenga chibonga ndi mpira. Ndinakoka masaka n'kuwabwezera m'malo mwake. Kenako ndinaima kumbuyo kwa saka la kumudzi.

Ana atafika anaima n'kumandiyang'ana. Mtsikana wina wamkulupo anati, "Amayi, mwasochera? Mpope uli uko."

Ndinamupatsa chibonga. Ndinaponyera wina mpira. Azimayi anali atayamba kufika pa mpope ndi ndowa zawo, ndipo ndinamva ndowa zikuikidwa pansi imodzi imodzi. Mmereka anaima patali pa khomo la aphunzitsi, manja atapinda. Amuna anga anali kuseri kwa baani, mutu wokha ukuoneka.

Mpira unabwera. Mtsikanayo anavungumula chibonga n'kumenya mphepo. Ndinaona ana onse akukoka mpweya, nkhonya zikuyamba kukwera. Ndinatambasula chikhatho m'mwamba, ndinatseka maso.

"WAPHONYA!"

Mawu amenewo sindinawamvepo chibadwire. Nkhunda zinauluka pa denga la baani. Mwana kumsana anadzidzimuka n'kuyamba kulira. Ana anatsala kukamwa kuli yasa. Kenako mmodzi anaseka n'kuloza mtsikanayo. "Waphonya!" Onse anagwa nako kuseka. "Waphonya! Waphonya iwe!" Liwu la Mmereka linkangoweruza, koma ili linkanyozanso, ndipo mwana sangasiye liwu lonyoza nalo mnzake. Mtsikanayo anakwiya, mpira wachiwiri anaumenya mpaka m'mabulugamu. Wina atafuna kukuwa kuti iba, ndinamudula, "Pano palibe wakuba. Uziti sendera." Kumudzi kokha ndinakusiya momwemo. Kumeneko bwana sangatiletse kukutchula.

Dzuwa litakwera pang'ono galimoto ya bwana inatulukira pakona, dona ali pambali ndi chipewa cha kutchalitchi. Inachepetsa liwiro mpaka kutsala pang'ono kuima. Bwana anatsitsa galasi n'kutchera khutu. Nthawi yomweyo mnyamata amene anagwira chibonga anamenya mphepo. Sindinatseke maso. Ndinayang'ana galimotoyo, ndinakweza chikhatho, n'kunena mokweza kuti ngakhale akhuku amve kukhitchini: "Waphonya!"

Bwana Chinyanja sankachidziwa. Anamvetsera, anagwedeza mutu, anakweza galasi, galimoto inapita.

Ndinauza mtsikana uja kuti aime pamalo panga. Kenako ndinapita pa mpope, poti matewera a dzulo anali akadali m'beseni.